Chakudya chikuima pachifuwa: kodi paipi ya kamera ikaona chiyani?

FUNSO: Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 41 ndipo amathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Chaka chino ndi chachitatu akuvutika kumeza. Nsima imaima pachifuwa, thobwa nalo limaima, mpaka amachita kuimirira n'kumakankhira ndi madzi. Usiku amatsokomola, m'mawa timapeza chakudya cha dzulo papilo, chosagayika. Mankhwala a zilonda za m'mimba amwa mpaka atopa nawo. Tsopano atilembera kalata yopita ku Queens kuti akawalowetse paipi ya kamera. Apongozi akukana, akuti mwana wawo anadyetsedwa ndipo paipiyo ikamung'amba. Ine mantha anga ali pa khansa. Tipite?
Mayi wa ku Masambanjati

YANKHO: Mayi, pitani, ndipo musadikire kuti masamba achepe kumunda kaye. Mantha anu ndikuwamvetsa. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ine munthu wamkulu akangondiuza kuti chakudya chikumuima, sindimuonjezera mankhwala a chilungulira. Ndimamutumiza kokaunikidwa.

Bambowo sindinawapime, koma m'kalata yanu muli mawu amene andikhazika mtima pansi pang'ono. Khansa kawirikawiri imayamba kutsekereza zolimba monga nyama ndi nsima, kenako phala, madzi n'kubwera pamapeto, ndipo imathamanga m'miyezi yowerengeka. Inu mukunena zaka zitatu, komanso kuti thobwa ndi nsima zimaima mofanana. Zimenezi zikundikumbutsa matenda osowa otchedwa achalasia, amene amagwira munthu pafupifupi mmodzi mwa anthu 100,000 pachaka.

M'mero ndi njira yotalika pafupifupi masentimita 25 kuchokera pakhosi kukafika m'mimba. Kumapeto kwake kuli mnofu wozungulira wonga chingwe chomangira kukamwa kwa thumba la chimanga. Tikameza, minyewa imauza mnofuwo kuti umasuke. Mwa odwala achalasia minyewayo imafa pang'onopang'ono, ndiye thumba limakhala lomanga, m'mero nawo umasiya kukankha. Chakudya chimaunjikana pamwamba, m'mero umatanuka, munthu akagona zimabwerera. Zobwererazo sizikhala zowawasa ngati masanzi chifukwa sizinafike m'mimba. Chifuwa cha usikucho musachipepuse, chifukwa nyenyeswa zikalowa m'mapapo zimayambitsa chibayo.

Apongozi anu auzeni mwaulemu kuti matendawa sanayambire ku Masambanjati. Dokotala wa ku England, Thomas Willis, anawalemba kale mu 1674, ndipo wodwala wake ankakankhira chakudya ndi kandodo ka fupa la namgumi.

Paipiyo kuchipatala timaitcha endoscopy. Ndi yofewa, yopindika, kukula kwake ngati chala, ndipo kunsonga kuli kamera ndi kagetsi. Amapopera mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi, wodwala amagona cham'mbali kumanzere ataluma kapulasitiki, ndipo nthawi zambiri pomatha mphindi 15 zonse zatha. Munthu amapuma bwinobwino chifukwa paipi sidutsa njira ya mpweya. Kunyansidwa kulipo, pakhosi pamatha kuwawa tsiku limodzi kapena awiri, koma kung'ambika kumachitika mwa apo ndi apo zedi.

Ntchito yaikulu ya kamerayo ndi kutsimikiza kuti palibe chotupa. Pali khansa ina imene imamera polumikizana m'mero ndi mimba n'kumaoneka ngati achalasia, ndiye dokotala amayang'anitsitsa pamenepo, ndipo akakayikira amatsinako kanyama kakang'ono kukapima. Amaonanso ngati muli mauka oyera a candida, amene amavutitsa kumeza makamaka mwa anthu a chitetezo chotsika, kapena chipsera chimene chapanikiza njira. Akakhala achalasia, amapeza m'mero wotanuka, muli malovu ndi zakudya zotsalira, khomo la kumunsi lothina koma lolola paipi kudutsa akakankha pang'ono.

Chimene ndikufuna musaiwale ndi ichi. Matendawa akadali poyambira, kamera ikhoza kuonetsa m'mero wooneka wabwinobwino. Ndinaonapo mayi wina wogulitsa nthochi pa Bvumbwe amene anabwerera kwawo akusangalala kuti sanamupeze ndi kanthu, n'kuvutika chaka china chathunthu, thupi likungotha. Akakuuzani kuti palibe chotupa, thokozani Mulungu, kenako funsani za barium swallow. Wodwala amamwa madzi oyera okhuthala akujambulidwa X-ray, ndipo achalasia amaonetsa m'mero wotanuka pamwamba, wosongoka kumunsi ngati mlomo wa mbalame. Kupima kumene kumatsimikiza kotheratu ndi manometry, kapaipi kodzera m'mphuno koyeza mphamvu ya minofu pomeza.

Minyewa yakufayo sibwerera, koma khomolo limatsegulika. Madokotala amalifutukula ndi chibaluni, kapena amadula mnofuwo pa opaleshoni imene Ernst Heller wa ku Germany anaiyamba mu 1913, ndipo ambiri amayambiranso kudya nsima.

Anthu ena amauzidwa kusala chakudya maola 6 kapena 8 asanaunikidwe, koma kwa bambowa sikokwanira chifukwa m'mero wawo umasunga zakudya. Mukapita kukatenga tsiku, mufotokoze za chakudya chobwerera usiku chija, mwina akauzidwa kumwa zamadzimadzi zokha kwa tsiku limodzi kapena awiri. Munyamule buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ndipo muwaperekeze, poti akabayidwa jekeseni yogonetsa sayenera kukwera minibasi ya ku Limbe okha. Podikira tsikulo azidya pang'onopang'ono, mgonero ukhale maola atatu asanakagone, ndipo kumutu kwa bedi muikeko njerwa kuti kukwere. Madzi akayamba kukanika kutsika, kapena akatentha thupi ndi kubanika, musadikire tsiku lolembedwa, thamangirani kuchipatala cha boma tsiku lomwelo.