Kodi ndigule ma ski amene mnzanga akundigulitsa?

Mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ku Edinburgh, ku Scotland, wandilembera kalata yofunsa za kugula ma ski ake oyamba, timatabwa titalitali timene munthu amamangirira kumapazi n'kumatsetsereka nato pa chipale chofewa. Akuti wakhala akubwereka zipangizo kwa nyengo zitatu zozizira, anaphunzirira pa mtsetse wochita kupanga wa ku Hillend, ndipo tsopano chipale chofewa chikagwa amapita kumapiri, ku Glenshee ndi ku Cairngorm. Pa njira za buluu, zimene ndi zosavuta, amatsika mtima uli m'malo, koma pa njira zofiira, zimene ndi zovutirapo, miyendo imamunjenjemera pakakhala poterera kwambiri. Msinkhu wake ndi masentimita 165. Mnzake wa kuntchito akufuna kumugulitsa, pamtengo wotsika, ma ski akale otalika masentimita 180, otambalala mamilimita 104 pakati, ndipo funso lake ndi lakuti agule kapena ayi.

Mayi, amenewo musagule, ngakhale mnzanuyo atatsitsanso mtengo. Komanso m'kalata yanu simunatchule za jombo, pamene ndalama yanu yoyamba iyenera kupita kumeneko.

Chilichonse chimene mwendo wanu ukufuna kuuza ski chimadzera mu jombo, kotero phazi likamasewera m'kati, ski imachedwa kumva. Jombo zobwereka zimakhala zotakasuka chifukwa amazipangira mapazi a anthu ambiri, ndipo kansalu kake kam'kati kamakhala kataphwatalala kale. Sindikukayika kuti mbali ina ya kunjenjemera kumene mukunenako ikuchokera pamenepa. Pitani ku sitolo imene ili ndi katswiri woyeza jombo, ndipo mukakhale okonzeka kutha ola lathunthu kapena kuposa pamenepo. Saizi ya jombo za ski imatengedwa pa kutalika kwa phazi m'masentimita, osati pa nambala ya nsapato zanu za tsiku ndi tsiku. Katswiri wodziwa ntchito amayamba watulutsa kansalu kam'kati, n'kukuuzani kuti mulowetse phazi m'chigoba chokhachokha ndi kukankhira zala kutsogolo, kenako amayang'ana mpata umene watsala kumbuyo kwa chidendene, umene suyenera kuposa masentimita awiri. Mukavala jombo yonse n'kuimirira chilili, zala ziyenera kukhudza kutsogolo, ndipo mukapinda mawondo zibwerere pang'ono, chidendene osanyamuka. Anthu ambiri amaona ngati imeneyi yathina n'kusankha yokulirapo, koma pakapita masiku ochepa kansalu kaja kamaphwa ndipo phazi limayamba kuyendayenda. Valani sokosi imodzi yopyapyala, osati ziwiri. Ngati pali fupa limene likupweteka, katswiriyo amatha kutenthetsa chigobacho n'kuchitukula pamalo pomwepo. Pa jombo pamalembedwanso nambala yosonyeza kulimba kwake, ndipo kwa mayi wa luso ngati lanu ndingayambire pa 80 kapena 90, podziwa kuti makampani sayeza mofanana, moti 90 ya kampani ina imatha kukhala yofewa kuposa 80 ya inzake. Jombo zoyamba musaziitanitse pa intaneti.

Ma ski a mnzanuwo vuto lake lalikulu ndi kutambalala. Ski ya mamilimita 104 inapangidwira chipale chakuya, chofewa, chongogwa kumene, chonga chimene anthu amachitsatira ku Utah ku America kapena ku Hokkaido ku Japan, kumene ski yotambalala imayandama m'malo momira. Chipale cha ku Scotland inu mukuchidziwa: mphepo imachikokolola pena n'kuchiunjika pena, masana chimanyowa, usiku chimaundana, ndipo m'mawa mumapeza pansi pali gwa. Pamalo otere chimene chimakugwirani ndi kachitsulo ka m'mphepete mwa ski, ndipo ski ikatambalala kwambiri zimatenga nthawi ndiponso mphamvu kuti muipendeketse kuchoka pa kachitsulo ka mbali ino kupita ka mbali inayo, ndipo bondo ndi limene limalipira. Funani ski ya pakati pa mamilimita 76 ndi 86. Masitolo amakonda kuonetsa zithunzi za anthu akusambira m'chipale chofika m'chiuno, koma munthu ayenera kugulira chipale chimene amapondadi.

Kutalikanso sikukugwirizana nanu. Ski ikaimikidwa pambali panu iyenera kufika pakati pa chibwano ndi pamwamba pa mutu, ndiye pa msinkhu wanu ndinganene masentimita 152 mpaka 160. Ya 180 ingamakane kukhota pamene inu mwafuna, ndipo mungayambe chizolowezi chotsamira kumbuyo, chimene chimavuta kuchisiya. Pa ski pamalembedwanso kukula kwa khota limene imapanga yokha ikapendekeka, ndipo mamita 13 mpaka 16 ndi abwino pa njira zosalazidwa ndi makina.

Nkhani ya kulimba ndi imene imapusitsa anthu amene ayamba kumva kukoma kwa masewerawa. Makampani monga Atomic, Rossignol, Völkl ndi Head amapanga ma ski a milingo yonse, ndipo okwera mtengo kwambiri nthawi zambiri amakhala ndi timapepala tiwiri tachitsulo totchedwa titanal m'kati mwake. Ski yotere siigwedezeka pa liwiro lalikulu, koma imafuna munthu wamphamvu woipinda, ndipo wosaipinda mokwanira imangomutenga n'kumupititsa kumene iyo yafuna. Kumbali inayi kuli ma ski ofewa kwambiri a ongoyamba kumene, amene mungawatope nawo m'nyengo imodzi. Sankhani ya mtima wa thabwa, yopanda chitsulo kapena yokhala ndi chochepa, yoposa pang'ono luso limene muli nalo lero. Ngati sitolo ikulola kubwereka ma ski atsopano kuti muwayese tsiku limodzi, yesani mitundu iwiri kapena itatu pa njira imodzimodzi. Miyendo idzakuuzani zimene wogulitsa sangathe kukuuzani.

Pa zomangira, zija zimagwira jombo pa ski, musayese kuchita nokha. Ntchito yake ndi kugwira jombo pamene mukutsika ndi kuimasula mukagwa, mwendo usanapotokole. Nambala yake, imene amaitcha DIN, amaiwerengera potengera kulemera kwanu, msinkhu, zaka, kutalika kwa pansi pa jombo ndi katsikidwe kanu, choncho mukafunsidwa kulemera nenani zoona. Jombo zambiri za masiku ano zili ndi pansi pa mtundu wa GripWalk, pa mphira wothandiza poyenda pansi, ndipo zomangira zakale zina sizigwirizana napo. Masitolo amakananso kukhudza zomangira zimene zakalamba kwambiri, ndipo limeneli ndi funso lina limene ma ski a mnzanuwo akanayenera kuyankha.

Sindikunena kuti ma ski ogwiritsidwapo kale ntchito ndi oipa. Kwa munthu wa ku Scotland, kumene chipale chikachepa miyala imasuzumira, ski yakale pang'ono imapweteka mtima mocheperapo ikakalika. Muitembenuze n'kuyang'ana ngati pansi pali mabala ofika pa thabwa, muyendetse chala pa kachitsulo ka m'mphepete kuti mumve ngati kathyoka kapena katha ndi kunoledwa, ndipo muone ngati kumapeto kwake sikunayambe kumatuka. Mukafuna atsopano, dikirani mwezi wa Marichi kapena Epulo pamene masitolo amatsitsa mitengo, ndipo musanyoze mtundu wa chaka chatha, chifukwa kawirikawiri chimene chasintha ndi utoto wokha. Mukawagula, ku Hillend muzibwerekabe, popeza mphasa ya pa mtsetse wochita kupanga imadya pansi pa ski msanga.

Malangizo onsewa ndi a inu amene mumafika kumapiri pa galimoto kangapo m'nyengo imodzi. Owerenga amene amakwera ndege sabata imodzi pachaka kupita ku mapiri a Alps ku Ulaya, kapena a ku South Africa amene amapita ku Afriski, malo a ski a ku Lesotho, pakati pa Juni ndi Ogasiti, agule jombo zokha basi, chifukwa ndalama yonyamulira ma ski pa ndege pamodzi ndi yowanolera ndi kuwapaka phula imayandikira mtengo wobwerekera. Mnzanuyo mumuuze mwaulemu kuti ma ski akewo akuyenera munthu wamtali amene amatsika kunja kwa njira zosalazidwa, ndipo akawatsatsa nyengo ikamayandikira sadzasowa wogula.