RX 580 ya ku Limbe kapena GTX 1050 Ti yamubokosi? Tsegulani kaye kompyuta yanu

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa wophunzira wina wa pa UNIMA amene akuchita lendi ku Chikanda. Ndaidulako pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi:

"Achimwene, ndili ndi Dell OptiPlex 7040, yaikulu yoimirira ija. Ndinagula ya kaunjika kwa munthu wogulitsa makompyuta ochoka m'maofesi. Ili ndi i5-6500, RAM ya 8GB ndi hard disk wamba, graphics card ilibe. GTA V imayenda modukizadukiza, FC 24 ndiye osanena. Ndasunga kandalama ka maganyu otayipa. Pa Facebook wina wa ku Limbe akugulitsa RX 580 ya 8GB yogwiritsidwapo kale ntchito, wina ali ndi GTX 1050 Ti yatsopano yamubokosi, yotchipa kuposa pamenepo. Mnzanga akuti ndisagule chilichonse mpaka ndidzakwanitse RTX 3060. Nditenge iti?"

Achimwene, pa ma graphics card atatuwa (makhadi omwe amapanga zithunzi za magemu pa sikirini) musatengepo iliyonse. Ndikudziwa kuti si yankho lomwe mumayembekezera. Musanatumize ngakhale tambala pa Airtel Money kapena Mpamba, zimitsani kompyutayo, zulani pulagi kukhoma, chotsani chitseko cha m'mbali, kenako muwerenge chipepala chomatidwa pa power supply, kabokosi kachitsulo komwe chingwe cha magetsi chimalowa kaja. Nkhani yanu yonse yagona pachipepala chimenecho.

Pa 7040 yoimirira mupezapo 240W. Yopyapyala ija imakhala ndi 180W yokha. Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Purosesa yanu ikamagwira ntchito mwamphamvu imadya mawati 65. RX 580 payokha imafuna mawati 185. Tikaphatikiza ndi 250, ndipo apo sitinawerenge motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo), hard disk ndi mafani. Mwadutsa kale malire gemu isanayambe. Komanso RX 580 imafuna chingwe chakechake cha mapini 8 chochokera ku power supply, ndipo mukasuzumira m'kati mwa Dell yanuyo simuchipeza. Makina amenewa anawapangira kalaliki wolemba makalata ndi kusindikiza malisiti, sanawapangire munthu wothawa apolisi m'misewu ya Los Santos, mzinda wa mu gemu ya GTA V.

Wogulitsayo mukamuuza zimenezi adzati palibe vuto, pali kachingwe kosinthira kochoka pa pulagi ya SATA kupita pa mapini 8, akupatsani kaulere. Mukakane. Pulagi ya SATA inapangidwa kuti izinyamula mawati 54, pomwe ya mapini 8 imayenera kupereka mpaka 150. Mnzanga wina wa ku Matawale anachita zimenezo ndili pomwepo. Kwa masiku angapo zinthu zinayenda bwino, iye n'kumatiseka kuti ndife amantha. Tsiku lina tili pakati pa mpira tinangomva fungo la pulasitiki yopserera, sikirini n'kuchita bii. Khadi inapulumuka, koma motherboard inathera pomwepo. Kusintha power supply yonse n'kotheka, koma pa Dell zamtunduwu pulagi yolowa pa motherboard si yofanana ndi ya makompyuta wamba, ndiye mufunika chosinthira china, mwinanso bokosi lina loti zonse zikwanemo. Mukamadzamaliza, kandalama kanu katha kalekale ndipo mwamanga kompyuta ina.

Ndisaiipitse RX 580 mopanda chilungamo. Ndi khadi yabwino. AMD inaitulutsa mu 2017, ndipo 8GB yake imathandizabe lero. Mukanakhala ndi bokosi wamba lokhala ndi power supply yodalirika ya 500W, ndikanakuuzani kuti mukaione. Ngakhale pamenepo pali zoti mudziwe. Makhadi amenewa ndi omwe anthu ankakumbira ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum usana ndi usiku, ndipo kukumba Ethereum pa graphics card kutatha mu September 2022 anakhuthukira pamsika ambirimbiri. Ena anawasamalira, ena mafani awo anatopa. Palinso ina yolembedwa RX 580 2048SP, yomwe kunena zoona mphamvu zake ndi za RX 570, angoipatsa dzina la mkulu wake. Ndiye pali mayunitsi a magetsi. Khadi ya mawati 185 ndi ya mawati 75 zimasiyana ndi 110. Mukamasewera maola 4 patsiku, pamwezi ndi mayunitsi 13 owonjezera. Si ambiri kwa munthu wa pantchito, koma pa hositelo pomwe mumasonkherana za magetsi anzanu adzayamba kukuyang'anani ndi diso lofiira.

Tsopano ya "yatsopano yamubokosi" ija, yomwe ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri. GTX 1050 Ti inatuluka mu October 2016. Munthu akabwera lero n'kunena kuti ali nayo yatsopano, yotchipanso kuposa khadi ya kaunjika, muziyamba mwakayika. Khadi imeneyi ndi imodzi mwa zomwe achinyengo amakonda kupanga feki. Amatenga khadi yakalekale monga GTS 450 ya mu 2010, amaisintha pulogalamu ya m'kati kuti Windows izinena kuti ndi 1050 Ti ya 4GB, n'kuiveka pulasitiki yonyezimira. Mukaiika imayaka bwinobwino, dzina limaonekanso lolondola. Koma gemu ikangofuna memory yoposa yochepa yomwe ilimodi, zithunzi zimasweka kapena gemu imadzitseka yokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yosavuta yoigwirira ndi kupempha chithunzi cha kumbuyo kwake, komwe zingwe za sikirini zimalowa. Mukaonapo polowetsa VGA, pabuluu pa timabowo 15 paja, thawani. NVIDIA inasiya VGA kuyambira pa mtundu wa GTX 10, ndiye 1050 Ti yokhala ndi VGA ndi chizindikiro choipa kwambiri. Njira yachiwiri ndi pulogalamu yaulere ya GPU-Z, yomwe imaonetsa chip chenicheni chomwe chili m'katimo, ndipo makhadi ambiri achinyengo imawalemba kuti FAKE patsogolo pa dzina. Ndipo ngakhale itakhala yeniyeni, 1050 Ti ili pamzere weniweni wa zochepetsetsa zomwe EA, kampani yopanga gemu ya mpira ya FC 24, inalemba kuti gemuyo imafuna. Kugula chinthu chomwe changofika pamzere ndi kugula mavuto a chaka chamawa. NVIDIA inasiyanso kupangira makhadi a GTX 10 madalaivala (mapulogalamu oyendetsa khadi) atsopano a magemu kumapeto kwa 2025.

Mnzanu wa RTX 3060 uja sakunama kuti ndi khadi yabwino, ili ndi 12GB. Koma imadya mawati 170 ndipo imafunanso chingwe chomwe mulibe chija. Ngakhale mutathana ndi za magetsizo, i5-6500 ndi purosesa ya mu 2015 yokhala ndi ma core 4 okha, singathe kuidyetsa ntchito mokwanira. Zili ngati kumanga injini ya minibasi pa njinga ya kabaza. Ndipo kusunga makwacha podikira chinthu chomwe mtengo wake umayendera dola tonse tinakuona mathero ake: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene ankasunga nthawi imeneyo anadzuka m'mawa n'kupeza kuti chomwe amafuna chawathawa.

Chomwe mukufunika inu ndi khadi yosafuna chingwe chapadera, yomwe imatenga magetsi ake onse pamalo poizika pa motherboard. Malo amenewo amapereka mpaka mawati 75. Pa makhadi oterewa, awiri ndi omwe ndingakulozereni.

Yoyamba ndi GTX 1650, ya mu 2019, ya 4GB. Imaposa 1050 Ti moonekeratu ndipo ya kaunjika imapezeka. Muchenjere chinthu chimodzi: si 1650 iliyonse yomwe ilibe pulagi. Makampani ena anaiikira ya mapini 6, ndipo 1650 Super yonse imaifuna. Ndiye pemphani chithunzi cha m'mphepete mwa khadiyo, pamwamba ndi kumapeto, muone ngati palibe timabowo takuda tolowetsa chingwe. Yachiwiri, ngati thumba lingalole, ndi RTX 3050 ya 6GB yomwe inatuluka mu 2024. Imadya mawati 70 ndipo imathamanga kuposa 1650, ilinso ndi DLSS yomwe imathandiza magemu olemera kuyenda mopepuka. Apa muwerenge bwino nambala, chifukwa pali RTX 3050 ya 8GB ya mu 2022 yomwe imafuna mawati 130 ndi chingwe. Dzina ndi limodzi koma makhadi ndi awiri. Ine ndikanakhala inu ndikanafunsa kaye mtengo wa 3050 ya 6GB, makamaka ngati muli ndi wachibale wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Ikakhala patali, ndikanatenga 1650 osadandaula.

Zina mungakumane nazo ndingozidutsa mwachangu. RX 6400 imadya pang'ono kwambiri, koma inapangidwira PCIe 4.0, mtundu watsopanoko wa malo oizika pa motherboard aja, ndipo imagwiritsa ntchito njira 4 zokha, ndiye pa makina anu a PCIe 3.0 imataya mphamvu. Makhadi a Intel Arc amafuna chinthu chotchedwa Resizable BAR chomwe makina a m'badwo wanu alibe. GT 710 ndi GT 730 ndi zoonetsera chithunzi pa sikirini basi, wina asakunamizeni chifukwa choti pabokosi alembapo 4GB. Kuchuluka kwa ma GB si liwiro. Nkhokwe yaikulu siilimitsa munda.

Ndikuuzeninso zomwe muyembekezere kuti musadzandinene. Ndi 1650, GTA V idzayenda mosalala pa 1080p, eFootball chimodzimodzi. FC 24 idzayenda, koma EA inalemba i5-6600K ngati purosesa yochepetsetsa, ndipo yanu ili pansi pake pang'ono. Mutsitse zokongoletsa, mutseke mapulogalamu ena onse, ndipo nthawi zina idzagwedezekabe pang'ono. Magemu ena atsopano, monga Indiana Jones and the Great Circle ya mu 2024, amafuna khadi yokhala ndi ray tracing, luso lojambula kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, ndiye pa 1650 sayamba n'komwe.

Ndalama yotsala musaidye. Tsegulaninso bokosilo muone ngati RAM yanu ya 8GB ndi ndodo imodzi. Ngati ndi choncho, gulani ina ya 8GB ya DDR4 kuti zikhale ziwiri. RAM ikakhala pawiri purosesa imapeza zinthu mwachangu, ndipo kudukiza kwambiri komwe anthu amanamizira graphics card kumachokera pamenepa. Kenako SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk wamba. Siwonjezera liwiro la zithunzi, koma kudikira kuti gemu itseguke kumachepa kwambiri, ndipo mu GTA V misewu ndi nyumba sizichedwanso kuoneka mukamathamangitsa galimoto. FC 24 yokha imafuna malo okwana 100GB, ndiye musagule kakang'ono kwambiri.

Pogula, musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuone. Limbe si kutali, minibasi zimanyamuka tsiku lonse, ndipo thiransipoti yopita ndi kubwera ndi yochepa poyerekeza ndi kuluza zonse. Ngati mungathe, nyamulani Dell yanuyo m'chikwama chachikulu kuti mukayesere pa makina anu enieni, muonenso ngati khadiyo ikukwana m'bokosi chitseko n'kutsekeka. Pa fulashi muikepo GPU-Z ndi FurMark, pulogalamu yomwe imagwiritsa khadi ntchito yolemetsa kuti muone ngati ikupirira. Yatsani FurMark kwa mphindi 15, maso ali pa sikirini ndi pa nambala ya kutentha. Mukaona timadontho tamitundumitundu, mizere yachilendo, kapena sikirini ikuthima n'kuyakanso, bwezani khadiyo mwaulemu muzipita. Kutentha kukadutsa madigiri 85 pa khadi yaing'ono ngati imeneyi, ndiye kuti yadzaza fumbi kapena thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa chip, inauma. Mvetserani mafani ngati sakukhulana. Inunkhizeninso, fungo la chinthu chomwe chinapserapo silibisika. Wogulitsa wokana kuti muyese wakuyankhani kale. Kumbukiraninso kuti khadi yomwe yapirira bwino m'nyengo ya chiperoni idzakumana ndi kutentha kwa October m'kachipinda ka malata, ndiye ikhale ndi mpata, ndipo muzipemerera fumbi m'bokosimo pakapita miyezi ingapo.

Mwina sikirini yanu ndi ya muofesi yomwe ili ndi VGA yokha. Ngati ndi choncho muwerengeretu kachosinthira ka HDMI kupita ku VGA, chifukwa makhadi awiri ndatchulawa alibe VGA. Mugulenso adaputa yoteteza zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo magetsi akazima muzizula pulagi kukhoma mpaka atabwera n'kukhazikika. Madalaivala a NVIDIA ndi aakulu, amaposa theka la GB, ndiye mukawatsitsire pa wifi ya kusukulu m'malo motha bando yanu.

Mukaiika khadiyo, chingwe cha sikirini muchichotse pomwe chinali n'kuchilowetsa pa khadi yatsopanoyo, m'munsi. Ine khadi yanga yoyamba ndinasewera nayo masiku atatu chingwe chili pa motherboard, ndikutukwana wondigulitsa mumtima kuti wandibera, pomwe khadiyo inali chikhalire osagwira ntchito. Mukapeza 1650 kapena 3050 yomwe yakusangalatsani, nditumizireni zithunzi zitatu musanalipire: cha kumbuyo kwa khadi, cha m'mphepete mwake, ndi cha chipepala cha pa power supply yanu.