Zoletsa makala zikukanikiranji?

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji boma silikungoletseratu makala poti mitengo ikutha komanso mvula yasokonekera. Lamulotu lilipo kale, kuotcha makala opanda laisensi ndi mlandu, koma mukaletsa anthu aziphikira chani?

Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye mitengo ikatha kumtunda matope ndi zinyalala zimadzadza m'madamu muja makina nkumaima, mabulakauti nkuchuluka, a mtauni omwe ali ndi ma cooker nkubwereranso pa mbaula, basi zimangozungulira choncho. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira tinataya pafupifupi 130 megawatts, kukonza kwake kunatenga kupitirira chaka, nthawi yonseyo matumba a makala a ku nkhalango ya Dzalanyama ankangolowa mu Lilongwe panjinga.

Gasi ndi wabwino inde koma silinda yoyamba ija ndi yodula, mayi wogulitsa tomato sangaikwanitse pomwe makala amangogula a kajumbo tsiku ndi tsiku. Kwa ine zolanda njinga pa rodibuloko ndi kuvutitsa osauka chabe, amalole akuluakulu aja amadutsa bwanji? Atsitse kaye mtengo wa gasi ndi mabriketi (makala oumba kuchokera ku zinyalala monga utuchi) kenako azimanga anthu.