Kutopa kwa mayi wapakati si ulesi

Mdzukulu wanga wa ku Malindi, ndamva dandaulo lako. Ukuti uli ndi pakati pa miyezi inayi, ukungokhalira kuwodzera, ukasenza ndowa imodzi mtima umagunda ngati wathamangitsidwa, ndipo alamu ako akukunena kuti wayamba ulesi poti amuna ako ali ku Joni. Ukutinso sikelo sunayambe, kuopa kuti anthu angadziwe msanga.

Zobisa pakati ndikuzidziwa, ifenso tinkamanga chitenje mokweza kuopa maso a anthu. Abisire anzako apachitsime, koma namwino usamubisire. Mawa lomweli tenga buku lako lakuchipatala upite. Masiku ano amafuna kuti mayi aonedwe maulendo 8 asanachire, ndiye wachedwa kale.

Tulo ta miyezi yoyambirira n'tachibadwa, makamaka ndi dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno. Chikundidetsa nkhawa ine ndi befu ameneyo. Ima pagalasi, ukokere chikope pansi. Mkatimo mukakhala motuwa m'malo mofiira, zikhatho nazo zitayera, mwinanso ukulakalaka dothi lapachulu, dziwa kuti magazi achepa. Kwathu kuno chimodzi mwa zimene zimamaliza magazi kwambiri ndi malungo, ndipo mwa mayi wapakati amatha kubisala thupi osatentha n'komwe. N'chifukwa chake pakati pakadutsa miyezi itatu amakumwetsa Fansidar pamaso pa namwino, katatu kapena kuposerapo usanachire, n'kukupatsanso neti. Netiyo uzigonamo, mwanawe. Zimandipweteka mtima kuona maneti atatchingira dimba, ena akukokera nsomba, mayi wapakati akugona pamtetete.

Mapiritsi oonjezera magazi amadetsa chimbudzi, usadabwe. Akamakuchititsa nseru uzimwa madzulo utadya, koma osamwera tiyi chifukwa amawalanda mphamvu. Idya usipa ndi mitu yomwe, bonongwe wotendera, nyemba, phala lothira malambe. Mazira idyanso. Ife anatiletsa ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi, tinangomanidwa ndiwo zabwino. Wina akadzabwera ndi mwanamphepo kuti uchire msanga, ukane ngakhale akhale azakhali ako, poti mankhwala amenewo amatha kung'amba chiberekero.

Pali zina zosadikira kuti kuche: kutaya magazi, mutu waukulu ndi maso kuchita chidima, kutupa nkhope ndi manja, thupi kutentha, kapena mwana kusiya kusuntha pamene anayamba kale. Zikatero, ngakhale pakati pausiku, dzutsa anthu apeze njinga. Pandalama zimene amuna ako amatumiza, patula yoyendera uisunge payokha kuyambira lero.

Za alamu akozo undisiyire ine. Loweruka ndibwera ndidzakhale nawo pamkeka, tidzagwirizane wotunga madzi ndi wotola nkhuni. Iwe dzuwa likafika paliwombo uzikagona pansi pa mtengo wa mango uja, miyendo utaisanjika pamtondo.