Funsani Dokotala: Tiyi wochepetsa thupi ndi ludzu losatha

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 41 ndipo ndinkalemera makilogalamu 92. Miyezi iwiri yapitayo ndinayamba kumwa tiyi wochepetsa thupi amene ndinagula kwa mayi wina pa WhatsApp, ndipo ndatsika ndi makilogalamu 5. Komabe ndikumva ludzu kwambiri, usiku ndikudzuka kanayi kukataya madzi, ndipo ndikutopa msanga. Kodi ndiwonjezere tiyiyu? Mayi anga anamwalira ndi matenda a shuga. Ndine mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Mayi, nkhani ya malemu mayi anu mwaiika kumapeto ngati yongodutsa, koma ndikuona kuti ndiyo ikukusowetsani tulo, ndipo mantha anuwo ali ndi maziko.

Tiyambe ndi tiyiyo. Palibe tiyi, mandimu kapena madzi otentha amene amasungunula mafuta a m'thupi monga momwe majarini amasungunukira m'chiwaya. Ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba, monga senna, kapena okodzetsa, choncho chimene chimachoka ndi madzi ndi mchere wofunika m'thupi, mafuta ali pompo. Sikelo imatsika, wogulitsa n'kujambula chithunzi chokopera ena, koma munthu akangosiya kumwa, makilogalamu aja amabwerera. Ndikudabwa kuti ndalama mwapereka kwa munthu amene sanakuyezeni ngakhale BP, pamene chipatala chili pafupi ndi kwanu. Musiyeni tiyiyo lero lomwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwina si tiyi amene wakutsitsani. Shuga akachuluka m'magazi, impso zimamutaya kudzera mu mkodzo, ndipo iye amakoka madzi ambiri potuluka. N'chifukwa chake munthu amakodza pafupipafupi, amamva ludzu losatha, amafooka, ndiponso amaonda ngakhale akudya bwino. Kuonda kotereku si kosangalalira. Sindinganene kuti muli ndi shuga ndisanaone magazi anu, koma zizindikirozi, msinkhu wanu, thupi lanu ndi mbiri ya kubanja kwanu zikuloza kumodzi, ndipo miyezi iwiri mwazengerezayi ndi yambiri kale.

Mawa m'mawa pitani ku Ndirande Health Centre kapena chipatala china chapafupi musanadye kanthu. Madzi okha mukhoza kumwa. Adzakubayani pachala, ndipo zotsatira zimatuluka nthawi yomweyo. Mlingo wa shuga m'magazi ukafika 7 mmol/L, kapena kuti 126 mg/dL, adzafuna kutsimikiza n'kukuyambitsani chithandizo. Muwapemphe akuyezeninso BP, ndipo paketi ya tiyiyo muitenge kuti aione, musachite nayo manyazi. Mukayamba kusanza, kuona mwachimbuuzi kapena kufooka kwambiri, musadikire kuti kuche.

Za kuchepetsa thupi, njira yake ndi yapang'onopang'ono, theka la kilogalamu pa sabata. Ludzulo musamalithetse ndi Sobo kapena Fanta, chifukwa botolo limodzi la chakumwa chotere limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi angapo. Chepetsani mitanda ya nsima, mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera, ndipo theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani kapena chisoso, osasambira m'mafuta. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yotulutsa thukuta, ndipo kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kumakwanira. Mukapimidwa, mutilemberenso nambala imene mwapeza.