Za hantavirus ya mchimwene wanu ku Finland ija

Achemwali, mwati mchimwene wanu wagonekedwa ku Finland atasesa shedi ya nkhuni, madokotala akuti ndi hantavirus, ndiye mukuopa kuti ndi matenda omwe aja anapha mkazi wa Gene Hackman, katswiri wa mafilimu uja, ku New Mexico ku America mu 2025. Khazikani mtima pansi kaye, tizilombo take ndi tapachibale koma ukali wake ndi wosiyana kutalitali.

Ka ku Finland kaja ndi Puumala, kamachokera kwa timbewa ta m'nkhalango ndipo kamathamangira ku impso. Munthu amatentha thupi, mutu waukulu, msana kupweteka chakumunsiku, ena maso kuona mbuu masiku angapo, kenako mkodzo kuchepa mpaka timadontho tokha, ndiye impso zikayamba kudzuka mkodzo umabwera wambirimbiri usiku onse kumangopita kutoileti, mukadzamva akudandaula zimenezo musadzaope nthawi zambiri ndiye kuchira kwake. Omwalira sakwana 1 pa 100 aliwonse, ochepa okha ndi amene amafika poikidwa pa dialysis, makina osefa magazi m'malo mwa impso, kwa kanthawi. Kufooka kokha ndiye kumakakamira masabata.

Ka ku America ndi kena, Sin Nombre, kanadziwika mu 1993 kudera la Four Corners, kumwera chakumadzulo kwa dzikolo. Ako ndiye kamadzaza madzi m'mapapo, munthu amene dzulo ankaoneka ngati wadwala chimfine lero akubanika, ndipo pa odwala 3 aliwonse pafupifupi mmodzi amamwalira.

Zoti awapatsira alamu anu kapena ana iwalani, Puumala sachoka kwa munthu kupita kwa munthu. Kodziwika ndi khalidwe limenelo ndi Andes ka ku Argentina ndi Chile, ku Epuyén, katawuni ka ku Argentina, mu 2018 ndi 2019 anadwala anthu 34, 11 anamwalira.

Mlandu wonse uli pa tsache. Mikodzo ndi ndowe za mbewa zikauma n'kusakanikirana ndi fumbi, munthu akasesa fumbi lija limauluka iye n'kulipuma, matenda n'kudzaonekera patatha masabata awiri kapena kupitirira, ataiwala kale zoti anasesa. Ndiye auzeni alamu anuwo asakamalizitse shediyo ndi tsache kapena hoover ayi. Atsegule zitseko mphindi 30, avale magolovesi ndi masiki, awaze bleach ngati JIK yathu ija, kapu 1 pa makapu 9 a madzi, adikire mphindi 5 kenako apukute ndi mapepala n'kumanga m'jumbo. Ine ngakhale sitolo ya chimanga kunyumba kuno ndimayamba ndawaza madzi, ndowe za makoswe sizoti uzipuma kulikonse.

Mankhwala opha kachilomboka mwachindunji palibe, kuchipatala amangoyang'anira madzi m'thupi, BP ndi magazi mpaka impso zibwerere. Chonde mchimwene wanuyo asamwe brufen kapena diclofenac mobisa chifukwa cha msanawo, zimenezo zimapweteka impso zomwe zatopa kale, ndipo inu musavutike kutumiza zitsamba.