Mustang yakale ngati galimoto yokhayo yopitira ku ntchito? Achimwene tamverani kaye

Yabwera imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa ku Indianapolis, akuti wapeza Ford Mustang GT ya 2006 pa Facebook Marketplace, yayenda mamailosi 150,000 ndipo mtengo wake ndi wofikirika, akufunsa kuti imavuta chani komanso imadya ndalama zingati. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mawu ake omalizira, akuti ikhala galimoto yake yokhayo ndipo amagwira shifiti yausiku.

Achimwene, ine sindikuuzani zoti galimoto zimenezi ndi zachibwana ngati mmene ena akuuzirani, ayi. Ndimazikonda mpaka lero. Munthu amene sanakhalepo mkati V8, injini ya masilinda 8, ikulira pansipansi m'mawa kukuzizira sangamvetse chifukwa chake anthu akhala akuzifera kuyambira 1964 pamene Mustang ndi Pontiac GTO zinatuluka. Ndipo GT mukuyifunayo ili ndi injini ya malita 4.6 yotulutsa ma horsepower 300, maonekedwe ake anachita kubwereka ku zija za m'ma 1960, ikaima pa parking aliyense amacheuka.

Inenso ndinakhalapo nayo V8 ya zaka zomwezo, dzina ndilisiye chifukwa zimene zinandionekera silinali vuto la amene anaipanga. Nthawi imeneyo ndinkasamala okalamba, shifiti yausiku ngati inuyo, lendi kuno ku America, fizi ya ana a mlongo wanga kumudzi, zonse pa mutu umodzi. Injini sinandikhumudwitsepo ngakhale tsiku limodzi. Chimene chinandigwetsa ndi paipi ya mabuleki. M'mawa wina ndikuweruka, tulo tili m'maso, ndaponda buleki pa maloboti phazi langolowa mpaka pansi, mwayi kutsogolo kunalibe munthu ndinakaima ndi handibuleki mtima uli phaphapha. Makaniko ataikweza m'mwamba anandiitana kuti bwera udzaone wekha, pansi ponse dzimbiri lokhalokha, paipi ija ukaigwira ikungofumbutuka, ya mafuta nayo chimodzimodzi, mabawuti osamasuka ena akuduka akangowakhudza ndi sipanala. Pamwamba penti ikuwala bwinobwino. Dzimbiri la kuno limadya ngati chiswe, kunja nyumba ili chiimire mkati zatha kale, ndipo gwero lake ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi ya sinowo ku Indiana, Ohio, Michigan konseku. Galimoto inakhala ku galaja, ine ndikulipira Uber usiku ndi m'mawa, ndipo mwezi umenewo ndalama ya fizi inapita mochedwa. Mlongo wanga sanadandaule, anangoti "tidikira achimwene", ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa bilu ya ku galaja.

Ndiye ndikamaona anthu pa intaneti akukangana za injini iti yolimba, kaya Hemi ya Dodge kaya LS ya Chevrolet kaya 4.6 ya Ford, ndimaona kuti akukamba zapamwamba. Ma V8 a ku America ambiri ndi osavuta, amapirira, masipeya ake kuno ali ponseponse ndipo sadula ngati a BMW. Chimene chimapha galimoto zimenezi ndi mchere ndi eni ake akale, basi. Palibe amene amagula GT kuti aziyenda pang'onopang'ono popita ku tchalitchi. Ikamafika mamailosi 150,000 yadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo pagululo simulephera mnyamata amene ankaiwotcha matayala pa maloboti, anaiika ekizozi yaphokoso ndi tune (kusintha kompyuta ya injini) yosadziwika uku oyilo akusintha akakumbukira. Ndinene mosabisa, galimoto ya mtundu umenewu siyenera kukhala yokhayo kwa munthu amene akadzuka mochedwa ntchito imatha. Siyenera ndithu. Imakoka ndi matayala akumbuyo, kumbuyoko nkopepuka, pa ayezi ndi matayala wamba imavina, ndipo shifiti yausiku mu January nthawi zina mumatuluka msewu asanaupale nkomwe.

Ena amati ndigula ndidzaitumiza kumudzi. Zimenezonso ndimazimva kwambiri. Chiwongolero chili kumanzere pamene kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, kuti mupitirire thiraki pa M1 mpaka wokwera naye akuonereni kutsogolo. Mustang ya chiwongolero chakumanja yochokera ku fakitale inayamba ndi ija ya 2015. Komanso ndi yofupika, mahampu ndi maenje aziigunda pansi, ndipo sipeya imene mwini Corolla amaipeza kwa Malangalanga tsiku lomwelo inu muzidikira ichoke kunja.  Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Zimene zimavuta pa ya 2006

Mapulagi. Injini ya 4.6 ya ma valve atatu pa silinda iliyonse kuyambira 2005 mpaka chakumayambiriro kwa 2008 ili ndi mapulagi a zidutswa ziwiri amene amakonda kuduka pomasula, chidutswa chapansi nkutsalira mu head, mutu wa injini. Ndi vuto lodziwika moti pali chida chapadera chozulira zotsalazo, koma ntchito imene ikanakhala ya ola limodzi imatha kudya tsiku lonse ndipo makaniko kuno amalipiritsa pa ola. Funsani ngati anasinthapo, ngati anaika a chidutswa chimodzi ndiye bwino. Kenako ma cam phaser, tizida tosintha nthawi imene ma valve amatsekukira, injini ikatentha ili pa idle muzimva kugogoda ngati ya dizilo, nthawi zambiri zimayenda limodzi ndi ma tensioner a tcheni otopa komanso oyilo wosasinthidwa pa nthawi yake. Imafuna oyilo wa 5W-20, ma quart 6 (quart imodzi ndi pafupifupi lita imodzi), musamve za anthu oti thirani wolimba phokoso lithe. Chinanso ndi madzi, timabowo totulutsa madzi pansi pa windisikilini tikatsekeka ndi masamba madzi amalowa mbali ya pasenjala nkunyowetsa bokosi la mafyuzi limene lili pamenepo, ndiye magetsi amayamba misala, mawindo, malaiti, maloko. Pisani dzanja pansi pa kapeti, ikakhala yonyowa kapena ikununkha chinyezi dziwani kuti nkhani ilipo. Boneti ndi ya aluminiyamu ndipo penti imatupa m'mphepete chakutsogolo. Vuto la ma airbag a kampani ya Takata linakhudza Mustang za 2005 mpaka 2014, lowetsani VIN (nambala ya chasisi) pa webusaiti ya NHTSA, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, muone ngati anasintha, kusinthako ndi kwaulere ndipo si nkhani yoseweretsa chifukwa ma airbag amenewo apha anthu.

Mukati mwina ndithawire ku Dodge Charger kapena Challenger, kumenekonso Hemi ili ndi zake, mabawuti a manifold amaduka, ma lifter amatha kudya camshaft, ndipo mapulagi ake ndi 16.

Za ndalama, mafuta ndiye osathawika. GT imeneyi mu tauni imayenda mamailosi 15 pa galoni, pa highway 23, pamene Corolla ya zaka zomwezo mu tauni imapitirira 25, ndiye werengerani nokha ndi mtunda wa ku ntchito kwanu. Inshuwalansi imbani mufunse ndi VIN musanapereke ndalama, chifukwa kwa munthu amene layisensi yake ya kuno ndi yatsopano V8 ya zitseko ziwiri amaikweza kwambiri. Onjezani matayala a sinowo anayi.

Ngati mtima wakanirira, pitani nayo kwa makaniko wanu osati wa wogulitsa, aikweze m'mwamba muone pansi ndi maso anu, mukaipeze injini ili yozizira ndipo muisiye ilire mpaka itenthe. Wogulitsa akakana zimenezo musiyeni. Yochokera ku Texas kapena Arizona ndi yabwino kuposa ya kuno ngakhale itadulirapo. Koma yankho langa pa funso lanu lenileni ndi lakuti yambani mwagula kagalimoto kopitira ku ntchito, Mustang ibwere yachiwiri, yoyendera April mpaka October.